Mbama M'kalasi mwa Millie

Likhubula,
Mulanje.

Okondedwa amake Millie,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Mzuzu. Kodi kuzizira kuja mwayamba kukuzolowera? Nanga mpongozi wathu Rosie, thupi labwerera chitulukireni m'chipatala? Kamdzukulu kathu Chiyembekezo kakuyamwa bwino? Gabriel ananditumizira chithunzi chake pafoni. Mphuno ija ndi yanu, musakane.

Kuno ndilipo. Bondo lija limangovuta m'mawa, dzuwa likakwera limaleka. Mvula yayamba, zinanazi za kuseri kwa nyumba zikupsa, ndipo mbuzi yanu yaswa.

Mwina mukudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Masiku apitawa mwakhala mukuimba ine osayankha, ndipo tsiku lomwe ndinayankha ndinati netiweki ikuvuta. Netiweki inalibe mlandu. Ndimaopa mawu anu. Ngati Gabriel wakuonetsani kale kavidiyo kena kamene kakuyenda m'mafoni a anthu, ndiye kuti nkhaniyi mwaiona mbali imodzi. Chonde werengani mpaka kumapeto musanandiimbire.

Mwezi watha Millie anandiimbira kuti akubwera kuno ndi ophunzira ake a chaka chomaliza a ku yunivesite. Anati Loweruka m'mawa adzaphunzira, popeza mayeso ayandikira, kenako Lamulungu adzakwera phiri kuti mitu ipume. Anandipempha ndiwapezere chipinda chokhala ndi bolodi. Ndinathamangira kwa ahedi a pasukulu yathu yakale, ndi kupempha kalasi ya Sitandade 8, yomwe ija ndinaphunzitsamo mpaka kupuma ntchito.

Millie anati ndikhoza kudzaonerera, ndidzakhale kumbuyo. Ananena momveka kuti ine ndekha. Koma mukundidziwa. Ndinauza a Dan, anzanga aja tinkaphunzitsira limodzi, ndinauzanso akulu a mpingo angapo. Ndinkafuna aone ndi maso awo kuti mwana wa Bonface amaphunzitsa masamu ku yunivesite. Ndinavala jekete ija ya paukwati wa Gabriel.

Atalowa n'kutipeza tadzaza benchi yakumbuyo, anamwetulira mmene mumamwetulira inu mukakwiya pali alendo. Komabe anatilandira mwaulemu. Anauza ophunzira ake kuti awa ndi bambo anga, ndi amene anandiphunzitsa kuwerengera ndi zitsekero za mabotolo. Anawo anaomba m'manja. Mtima wanga unafufuma ngati chigumu.

Chifukwa cha ife alendo, anayamba m'Chichewa. Anati iye amaphunzitsa maphunziro atatu. Oyamba amangowatchula kuti PDE, ndipo ndi masamu ofotokoza mmene chinthu chimafalikira. Anapereka chitsanzo cha chitsulo chimene waika nsonga yake pamoto. Kutentha kumayenda pang'onopang'ono mpaka kukafika pamene wagwira, ndipo masamuwo amakuuza kuti pamalo akutiakuti, pa nthawi yakutiyakuti, patentha motani.

Achiwiri anati ndi analisisi. Mmenemo sikokwanira kupeza yankho, uyenera kuonetsa mzere ndi mzere chifukwa chake yankholo silingakhale lina. Achitatu ndi masamu a zachuma, amene amagwira ntchito m'mabanki ndi kwa a inshuwalansi. Anati chodabwitsa n'chakuti mitengo ya pamisika ikuluikulu ikamakwera ndi kutsika, masamu ake amafanana ndi a chitsulo chija. A Dan anandigunda ndi chigongono nati ndinabereka.

Kenako anatembenukira kubolodi, nayamba Chingerezi ndi zilembo zachilendo. Bolodi lija mukulidziwa, lili ndi ming'alu, koma analidzaza lonse, kufufuta, kulidzazanso. Anawo ankalemba, ena ankamufunsa, iye n'kumawayankha akuseka.

Panali mnyamata wina wamtali, woonda, atavala mzuli woyera kumutu. Dzina lake ndi Shabani, ngakhale nthawiyo sindinkamudziwa. Millie ali mkati molemba, mnyamatayo analankhula ali chikhalire, osakweza ndi mkono womwe.

"Madamu, mzere wachinayiwo suli bwino."

Millie anauyang'ana nati uli bwino. Mnyamatayo anati ayi. Anzake anayamba kuseka, ena kumenya madesiki. Iye ananyamuka, napita kutsogolo, natenga choko m'dzanja la mwana wathu, n'kufufuta ndi chikhatho zimene Millie analemba.

Amake Millie, sindikumbukira kuti bondo langa linandilola bwanji kufika kubolodi mwachangu chotero. Ndinamugwira kolala, ndinamutembenuza, ndi kumuomba mbama. Mzuli unagwa pansi. Ndinamufunsa mokuwa ngati kwawo kulibe akuluakulu omuphunzitsa mwambo.

Mnyamatayo sanabweze, anangogwira tsaya. Ndinatembenuka kuyang'ana Millie ndikuganiza kuti andithokoza ndi maso.

"Bambo, tulukani m'kalasi mwanga."

Sanakweze mawu. Anangoloza chitseko ndi dzanja loyera ndi choko. Ndinatuluka pakhomo lomwe lija ndinkatulutsirapo ana a anthu.

Ndinaima panja pafupi ndi zenera. Ndinamuona Millie akutola mzuli uja, kuusasa fumbi, n'kuupereka kwa mwini wake ndi manja awiri. Anapepesa. Kenako anauza kalasi yonse kuti Shabani akunena zoona, iye ndiye anaiwala chizindikiro chochotsera, ndipo akanapitiriza choncho yankho lonse likanasokonekera. Anamupempha kuti amalize yekha. Mnyamatayo anamalizadi, tsaya litatupa.

Alendo anga anatuluka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana nsapato zake. A Dan okha ndi amene anandiyandikira, kudzandipatsa chipewa changa chomwe ndinasiya pabenchi. Kenako nawonso anapita.

Phiri sanakwerenso. Basi yawo inabwerera ku Blantyre masana omwewo, ndipo Millie sanaponde pakhomo pano. Nkhuku yomwe ndinapempha aneba athu amake Prince kuti atiphikire ndinawauza akadye ndi ana awo.

Sindinadziwe kuti wina anali kujambula ndi foni. Pofika Lolemba kavidiyo kanali paliponse. Anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri, ambiri a iwo ndinawaphunzitsa ine, amandipatsabe moni, koma ndikangodutsa ndimamva wina akunong'ona kuti tulukani m'kalasi mwanga, enawo n'kumaseka. Ku tchalitchi ndinauza abusa kuti ayambe apatsa wina udindo wowerenga mawu.

Zimenezo ndikanapirira, n'zondiyenera. Koma kenako kunabwera uthenga wa Millie pafoni, waufupi. Anati akuluakulu a ku yunivesite amuitana kuti akafotokoze chifukwa chake analowetsa anthu akunja m'kalasi, ndiponso chifukwa chake wophunzira anamenyedwa paulendo womwe iye anakonza. Anati ntchito yake ili pachiswe, ndipo chonde ndisamuimbire panopa.

Mukudziwa mmene anavutikira mwana ameneyu. Mukukumbuka akuwerenga mpaka maso kufiira, anzake akukwatiwa, achibale akutinena kuti tikumusunga dala. Mukukumbuka zaka zija anali kunja, akutiimbira akulira ndi chisanu. Zonsezo ine ndinakaziika pangozi ndi dzanja langa ili, pamaso pa anthu omwe ndinawaitana ndekha.

A Dan anafufuza n'kupeza kuti Shabani ndi mwana wa Che Waziri, amene ali ndi shopu ya zipangizo za njinga ku Muloza, pafupi ndi chipata cholowera ku Milange. Anamvanso kuti mnyamatayo wabwera kwawo kumapeto kwa sabata. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbuli, kuchokera apo kabaza.

Che Waziri anandizindikira ndisanadzitchule. Anandisiya chiimire pakhomo pa shopu mpaka atamaliza kugulitsa matayala kwa munthu wina wa ku Milange, amene ankanenerera mtengo m'Chipwitikizi chosakaniza ndi Chilomwe. Sindinadandaule. Akazi awo, mai Mariyamu, ndi amene ananditengera kuseri, kundipatsa mpando ndi madzi akumwa. Kenako anaitana Shabani.

Che Waziri analankhula modekha, ndipo kudekha kwawoko kunandiwawa kuposa chipongwe. Anati abale awo ankafuna nkhaniyi ipite kupolisi, koma Shabani anakana chifukwa ikanakagwera Madamu ake. Anandiuza kuti mnyamatayo ali chaka chachiwiri analephera analisisi, ndipo anabwera kunyumba atanyamula katundu yense, akuti sukulu yamukanika, angoyamba kusintha ndalama pachipata ngati asuweni ake. Millie ndi amene anaimba foni pashopupo, kumuitanitsa. Atabwerera, ankakhala naye muofesi masana aliwonse a Lachitatu, kubwereza naye zomwe zinamuvuta mpaka zitalowa.

Shabani naye anawonjezera pang'ono, maso ali pansi. Anati m'kalasi mwa Madamu muli lamulo loti amene waona cholakwa pabolodi n'kukhala chete, ndiye amene walakwa kwambiri. Anati Madamu amawauza kuti choko si cha mphunzitsi, n'cha amene ali ndi umboni. Ndiye chimene ine ndinachiona ngati mwano, iye ankangochita zomwe anamuphunzitsa mwana wathu.

Ndinatsika pampando kuti ndigwade pamaso pa mnyamatayo. Che Waziri anandigwira mkono ndisanafike pansi.

"Dzukani, aphunzitsi. Mwana wanga simunamumenyere kuseri kwa shopu yanga. Munamumenya pamaso pa anzake."

Ndinamva. Ndinapempha Shabani kuti akandinenere kwa Millie, popeza ine foni yanga sankayankha. Patapita masiku kunabwera uthenga wa Millie woti wapempha chilolezo choti ndikalowe m'kalasi mwake, ndipite Lachinayi m'mawa.

Anandichingamira pachipata cha yunivesite. Waonda, amake Millie, ndipo m'maso mwake mukuoneka kuti sakugona bwino. Anandipatsa moni ngati mmene amapatsira mlendo. Tikuyenda kupita kukalasi anandiuza za mlandu wake. Anamupatsa kalata yomuchenjeza, ndipo amuletsa kutenganso ophunzira paulendo uliwonse chaka chino ndi chamawa. Ntchito yatsala, makamaka chifukwa Shabani ndi anzake anakamuikira kumbuyo.

Ndinayamika Mulungu mokweza. Iye anaima, nandiyang'ana, nati chomwe chikumupweteka si kalatayo. Anati ana amenewa amafika ku yunivesite atazolowera kukopera chilichonse chimene mphunzitsi walemba, ngakhale chitakhala chabodza, ndipo zimamutengera zaka kuti awatsegule pakamwa. Anati chichokereni ku Likhubula palibe ndi mmodzi yemwe amene wamufunsa funso. Anayesa kulemba cholakwa dala pabolodi, chachikulu choonekeratu, ndipo onse anangochikopera mwakachetechete.

Tinapitiriza kuyenda mpaka kukalasi.

Kalasi yawo ndi chipinda chachikulu, mipando yake yokwera ngati masitepe. Ndinaima pansi, iwo onse akundiyang'ana kuchokera pamwamba. Ndinavula chipewa. Ndinanena kuti ndinalakwa, kuti Shabani sanachite choipa chilichonse, ndipo ndikupempha iye, makolo ake ndi kalasi yonse kuti andikhululukire. Mawu anga, amene ankamveka mpaka kubwalo la mpira popanda chokuzira, tsikulo ankangothera pamipando yakutsogolo.

Kenako mtsikana wina wa kutsogolo, ndinamva akumutchula Sheila, anakweza mkono pang'onopang'ono, akuyang'ana Millie ngati akupempha chilolezo.

"Bambo, munamumenyeranji?"

Ndinayankha kuti ife tinakula ndi mwambo woti mwana satsutsa mphunzitsi, ndipo ndinaganiza kuti mnyamatayo akunyoza mwana wanga pamaso pa alendo. Anawo anagwedeza mitu. Shabani anatsika, nandigwira chanza. Ena anaomba m'manja pang'ono. Ndikutuluka ndinamva kumbuyo kwanga wina akufunsa Millie za ntchito yomwe anawapatsa, ndipo ndinaona mapewa ake akutsika ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Atamaliza kuphunzitsa anandiperekeza pokwerera minibasi. Ndinkaganiza kuti zatha. Koma minibasi itaima, anandigwira jekete nati, "Bambo, yankho lanu lija ndi la theka. Likanakhala la pamayeso anga, sindikanalichonga."

Ndinachita ngati sindinamve chifukwa cha phokoso la oitanira. Ndinakwera. Kuchokera ku Limbe mpaka kudutsa pa Chonde sindinaone msewu, ndinkangomva mawu amenewo. Mwana wanu amazindikira umboni wosakwanira, ndiyo ntchito yake.

Tsono theka linalo ndi ili, ndipo sindinauzepo munthu.

Loweruka lija, Millie atangosiya Chichewa n'kuyamba kulemba, ine ndinasochera pa mzere woyamba weniweniwo. Sindinamve kanthu. Ndinayesa kugwira ngakhale kachidutswa, koma manambala omwe ndimawadziwa panalibe, panali zilembo zokhazokha. A Dan ankandinong'oneza pafupipafupi kuti kodi apa akuti chiyani, akulu a mpingo nawo ankandiyang'ana kuti ndiwamasulire, popeza mudzi wonse umadziwa kuti masamu a Millie anachokera kwa ine. Ine ndinkangogwedeza mutu ngati ndikutsatira, n'kumawauza kuti adikire, ndiwafotokozera pambuyo. Thukuta linali litanyowetsa malaya mkati mwa jekete.

M'kalasi langa lomwe, pabolodi langa lomwe, ndinakhala ngati mwana wobwereza amene amabisala kumbuyo kuti asamuloze.

Ndiye pamene mnyamata uja anati mzere suli bwino, chimene chinandibaya sichinali chakuti wanyoza Millie. Chinali chakuti iye ankamva. Ankamva mpaka kuona pamene mwana wanga waphonya, ndipo awiriwo ankalankhulana chilankhulo chimene ine, bambo wake, ndinatsekeredwa kunja. Millie ankamuyang'ana mnyamatayo ndi nkhope yowala, yomwe ija ankandiyang'ana nayo ine ali wamng'ono ndikamuonetsa njira yachidule yogawira. Ndinachita nsanje, amake Millie. Munthu wamkulu, wa imvi, ndinachitira nsanje mwana wa eni chifukwa chodziwa masamu, ndipo ndinamumenya.

Kulemba zimenezi kwanditengera masiku. Pepala loyamba ndinaling'amba chifukwa ndinapeza kuti ndayambanso kudziikira kumbuyo.

Pempho langa ndi lakuti mubwere. Ndikudziwa kuti Rosie akukufunani, ndipo sindikunena kuti munyamuke mawa. Koma akangolimba, ndipo amayi ake akafika monga munanenera, chonde musachedwe. Millie anauza a Dan kuti adzabwera kunyumba inu mukadzakhalapo. Ndikakhala ndekha sabwera, ndipo sindikumuimba mlandu.

Ndikufuna ndidzamuuze zomwe ndakuuzanizi pakamwa, inu mutakhala pambali panga. Mumadziwa kundiponda phazi ndikayamba kulalikira m'malo monena zoona. Musamuwerengere kalatayi, musamuuzenso pafoni. Ndi katundu wanga, ndidzatule ndekha.

Mawu ake ndi ochepa. Ndidzangoti, mwana wanga, sindinamve. Zaka zonse zomwe ndinagwira choko sindinawanenepo mawu amenewa pamaso pa mwana aliyense, ndipo ndikuopa kuti popanda inu adzandikanikanso.

Mundiperekere moni kwa Gabriel. Ngati anaona kavidiyo kaja, mumuuze kuti bambo ake akudziwa chomwe anachita, asavutike kundibisira. Moni kwa Rosie, adye bwino kuti mwana apeze mkaka. Kamdzukuluko mukapsompsone m'malo mwanga, ndipo mukauze kuti agogo ake aamuna adzakaona akadzatha kuyang'ana anthu kumaso. Amake Prince ndi a Dan akupereka moni.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pa ntchito yomwe mukugwira kumeneko, ndipo akubwezeni kuno muli amoyo.

Ndine amuna anu,
Bonface